Sabata imene mudzi wathu unakana sukulu

Mphekesera inabwera ndi anyamata a kabaza kuchokera ku Mangochi boma. Ankati kalembera akubwerayo si wongowerenga anthu, koma boma likufunafuna osaukitsitsa kuti liwapatse chimanga ndi malata, ndipo oyamba kulandira adzakhala amene sanapondeko kusukulu. Lachisanu, amuna potuluka mumzikiti, wina anali atawonjezerapo kale mbuzi.

Sabata imeneyo mudzi wathu, kufupi ndi Lungwena, unaiwala kuwerenga. Amuna amene amaswera kukangana za mpira maso ali pafoni anayamba kupempha ana kuti awawerengere mauthenga, mokweza, kuti oyandikana nawo amve. Bambo wa kuseri kwathu, amene anagwirapo ntchito yoperekera zakudya kuhotela ku Makokola ndipo amatipatsa moni m'Chingerezi ngakhale pamaliro, anadzuka akudziwa Chiyao chokha.

Mwamuna wanga ndi msodzi, amakoka khoka la chilimira m'boti la munthu wina. Anafika Sitandade 8, ndipo pondifunsira anaitchula kangapo eyitiyo kuposa mmene anatchulira chikondi. Koma tsopano anakabisa njinga ndi wailesi kwa mnzake, n'kundiuza kuti, "Akabwera, woyankha ndine. Iwe uzingoyamwitsa mwana."

Ndinavomera, chifukwa ine kulankhula pamaso pa alendo kumandichititsa manyazi. Koma mumtima sizinandikhalire. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, amayi atadwala, ine n'kumakayanika usipa pathandala m'malo mwawo. Si zambiri, ndikudziwa. Komabe malo tikukhalawa ndi a amayi, boti ndi la abwana, ngakhale mwana anthu amati nkhope ndi ya bambo ake. Chinthu chimene chili changachanga ndi zaka zija ndinakhala pansi m'kalasi. Buku la kusikelo la mwana wanga ndimawerenga ndekha, sindipempha munthu.

Wolemba anthuyo anafika dzuwa litakwera, atavala chijekete cha kalembera, m'manja muli tabuleti. Nditamuona ndinatsala pang'ono kubisala kuseri kwa chitseko. Anali aphunzitsi athu akale a kupulayimale, amene anaphunzitsa theka la mudzi uno. Imvi zinali zitawachuluka, koma mawu anali omwe aja.

Tinawayalira mkeka pakhonde. Anafunsa mayina, zaka, chimbudzi, kumene timatunga madzi. Kenako anayang'ana mwamuna wanga.

"Sukulu munapitako, bambo?"

"Ayi, bwana. Ngakhale kusuzumira pazenera."

Aphunzitsi anatsitsa magalasi. "Si iwe unkakhala kumbuyo kwenikweni, kugulitsa mango nthawi ya masamu?"

Mwamuna wanga anadzidzimuka n'kuimirira, manja kumbuyo, ngati ali pa asembule. Atazindikira anakhalanso pansi msanga. "Ameneyo ndi mkulu wanga, bwana. Timafanana."

"Mkulu wako ndinamulemba dzulo. Akuti anali iweyo."

Ndinakwirira nkhope m'nsalu ya mwana kuti kuseka kusamveke.

"Chiyambire ntchitoyi," anatero aphunzitsi, "sindinapeze munthu mmodzi amene ndinamuphunzitsa. Zaka zonse zija ndinkataya choko pa mbuzi zovala yunifolomu. Ndikuuzeni, muno mulibe chimanga, mulibe malata. Tikungowerenga."

Mwamuna wanga anagwedeza mutu mwaulemu, monga munthu amene akudziwa kuti ameneyo ndi msampha.

"Chabwino, lamulo likuti ndilembe zimene mwanena." Anadina ndi chala. "Nanga mayiwa?"

"Awa ndiye musavutike nawo. Cholembera amachigwira ngati akupala nsomba," anatero mwamuna wanga.

Ndinangodzutsa nkhope pang'ono kuti aphunzitsi andione bwino. Ndinkati andikumbukira monga akumbukirira wa mango, anditsutsira okha bodzalo, ine osatsegula pakamwa. Anandiyang'anadi, nthawi ndithu.

"Awa ndiye sindikuwadziwadi," anatero.

Ndinkakhala kutsogolo, pansi penipeni pa bolodi. Ndinkasesa kalasi, kuwatungira madzi akumwa, phokoso ayi, kujomba ayi. Wosokoneza anamusunga m'mutu mpaka malo amene ankakhala. Ine amene ndinkamvera ndinadutsa ngati mphepo. Chala chawo chinayamba kutsikira patabuleti paja, ndipo ndinaona kuti chikangodina, ndiye kuti sindinakhalepo m'kalasi muja. Mboni inalipo imodzi yokha, nayonso yandikana.

"Faifi," ndinatero. Mawuwo anathera pamutu pa mwana.

"Mwati bwanji, mayi?"

Mwamuna wanga anatsokomola. "Akuti mwana ali ndi miyezi faifi."

"Sitandade 5," ndinabwereza, maso ali pamkeka. "Munkandiphunzitsa ndinu."

Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Oo," anatero aphunzitsi. Sananamizire n'komwe kuti akumbukira. "Faifiyo munaimaliza?"

"Ndinasiya teremu yachiwiri."

"Ndiye ndi folo. Timalemba kalasi imene munamaliza. Satifiketi iliyonse?"

"Ndilibe."

"Palibe," anatero akudina. Choncho kulimba mtima kwanga konse, kumene ndinakusonkhanitsa moyo wanga wonse, kunandidyera kalasi imodzi. Ndinalowa m'nkhaniyo ndili ndi faifi, ndinatuluka ndi folo. Aphunzitsi analemba nambala pachitseko ndi choko, n'kupita kukamva bodza la nyumba yotsatira.

Asanafike n'komwe pamsewu, mwamuna wanga anayamba. "Denga lathunthu, mayi a mwana. Chimanga, mbuzi. Zonse wasinthanitsa ndi Sitandade 4. Tidya folo wakoyo?"

"Munandiuza kuti ndiyamwitse, ndipo ndimayamwitsa," ndinatero. Ndi zokhazo zimene ndinapeza.

Malata sanabwere. Sanabwere kwa ife, sanabwere kwa mkulu wake, sanabwere kwa aliyense. Munthu angaganize kuti pamenepo mlandu wanga unatha. Koma mudzi unakhala pansi n'kupeza chifukwa: boma linaona kuti kuno kuli munthu wophunzira, ndiye linapititsa thandizo kwina. Bambo wa ku Makokola anandifotokozera zimenezi yekha, theka lake m'Chingerezi, chimene chinali chitamubwerera.

Mpaka lero ndikafika pamjigo amayi anzanga amapatuka. "Apatseni mpata ahedi atunge, achedwa ku ofesi." Mvula ikadontha m'nyumba, mwamuna wanga amatchera beseni n'kundiyang'ana. Ine manyazi anga sanathe. Ndimangotunga madzi anga, pamalo oyamba amene andipatsawo, n'kusenza chidebe kubwerera kunyumba.