Ndinabereka Giza Kupita Nayo ku Sikelo

Usiku watha ndinalota ndabereka giza kumsana, amayi anzanga, ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Musanandiseke, ndiyambe ndafotokoza za gizayo, poti ambiri simunafike kunyumba tinasamukira ino.

A landilodi anaikamo giza ya gasi, chithanki choyera chotalika ngati munthu, m'kachipinda kuseri kwa bafa. Tikulowa ndinkanyada nayo. Magetsi azime, ine madzi otentha alipo, Tako wanga akusamba ngati mwana wa bwana. Ndiye mwezi uno yayamba kulira. Imachita kuti gudugudu ngati m'mimba mwa munthu wodya nyemba zogona, madzi akutuluka ofiirira, pansi pa beseni pakutsala timchenga. A pulambala nditawaimbira anati ndi matope amene adikha pansi pa thanki, ndikhoza kukhetsa ndekha. Anati nditseke gasi, ndidikire madzi azizire, nditseke madzi olowa, ndilumikize paipi ku kampope ka pansi, ndipo ndisaiwale kutsegula mpope wa madzi otentha m'nyumba kuti mpweya ulowe. Anawonjezera kuti kachitsulo ka pamwamba kotulutsira nthunzi kaja ndisakatseke ndi chilichonse, thanki ingaphulike. Iwowo ali pa ntchito ina ku Salima. Bambo a Tako ali ku Karonga mpaka kutha kwa mwezi.

Ine gasi ndimamuopa, sindibisa. Satifiketi yanga ya ku koleji ili pakhoma mu fulemu, koma ndikafika pakhomo pa kachipindako ndimangonunkhiza ngati galu, n'kubwerera. Ndipo Loweruka apongozi akubwera kudzaona mdzukulu, omwe aja ananena tikutuluka chikuta kuti mwana wosamba madzi a m'makina sakhwima. Akadzapeza madzi ofiirirawo m'beseni la Tako, mbiri yanga ikafika kwawo ku Ntcheu tiyi asanawire.

Ndiye m'malotomo ndinali pa msewu, dzuwa likuswa mtengo, giza ili kumsana. Ndinaimanga ndi chitenje changa chatsopano chija chimene ndimasunga cha ku tchalitchi. Inkanditentha msana, inkalira gudugudu, ine n'kumaigwedeza kuti itonthole. Ndinkapita nayo ku sikelo, ndipo sindinaone chachilendo.

Kenako ndinafika. Amayi anali mbwee pansi pa mtengo, aliyense ndi mwana wake weniweni, akuimba nyimbo za katemera. Palibe anadabwa. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anasuzumira kumsana kwanga n'kuti, “Iii, koma wanenepa! Wangotengera bambo ake uyu.” Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma.

Nthawi yanga itakwana, anamwino anaiveka giza kakabudula ka sikelo kaja n'kuipachika pa nthambi. Nthambi inawerama mpaka masamba kugunda pansi. Ndinkadikira kuti andiyamikire, poti mwezi watha anandikalipira kuti Tako sakukwera. Koma anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Mayi, kulemera uku si thanzi. Ndi matope okhaokha. Munamukhetsa liti mwanayu?”

Ndinati, “A pulambala ali ku Salima.”

Ndiye amayi onse aja anailandira ngati nyimbo. A pulambala ali ku Salima, eee, ali ku Salima. Ndi m'manja momwe. Wina anaimba nthungululu. Ine ndinangoima pakati, chitenje m'manja, ndikumwetulira kumwetulira kwa munthu amene wagwa pa msika.

Kenako ndinaona apongozi. Sindinawaone akubwera, anangopezeka atakhala pa silinda ya gasi ngati pa mtondo, atavala ovololo ya a pulambala, duku lawo la masiku onse lili kumutu. Anati ndiwapatse mdzukulu. Anaiika giza pamiyendo, n'kuyamba kuisisita pamutu mpaka chala chawo chinafika pa kachitsulo ka nthunzi kaja.

“Liwombo lagwa ili. Ndinanena ine.”

Anamasula mfundo ya chitenje chawo, n'kutulutsa mankhwala akuda aja amamata ana paliwombo. Analavulira m'manja, n'kuyamba kukanya. Ine ndinkadziwa bwinobwino kuti akamata pamenepo thanki iphulika. Ndinafuna kuwaletsa. Koma anthu anali mbwee, ndipo mpongozi sumutsutsa pagulu. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinagwada, ndinawomba m'manja, n'kuti, “Zikomo amayi.” Ndi satifiketi yanga yonse. Ndinathokoza.

Anamata. Giza inasiya kulira, inangoti zii, n'kuyamba kufufuma pang'onopang'ono ngati mandasi m'mafuta. Apongozi anati, “Waona? Wagona.”

Pamenepo m'pamene ndinadzifunsa kuti ngati giza ndabwera nayo kuno, nanga kunyumba m'kachipinda muja muli ndani?

Ndiye ndinali kunyumba. Sindinayende, ndinangopezeka pakhomo pa kachipindako. Pamalo pa giza panali beseni la Tako, Tako ali momwemo, akumenya madzi ofiirira ndi timanja, akuseka. Pansi pa beseni kamoto ka gasi kaja ka buluu kankayaka bwinobwino. Madzi anali atayamba timathovu m'mbali. Gizanso inali pomwepo pakona, yofufuma, chitenje changa chili m'khosi, apongozi ataifungatira.

Ndinanunkhiza. Inde, ngakhale m'maloto, mwana ali pamoto, ine ndinayamba ndanunkhiza. Kenako ndinalowa, ndinagwira kotsekera gasi, ndinapotokola. Kanangotembenuka mosavuta ngati chitsekero cha botolo la mafuta ophikira. Moto unazima. Ndinakwiya, amayi anzanga. Masabata onsewa ndakhala ndikuopa kanthu kofewa chonchi?

Ndinam'nyamula Tako n'kumuika m'chiuno. Ndi dzanja linalo ndinakanda mankhwala aja paliwombo la giza ndi chikhadabo, osayang'ana apongozi kumaso. Inapuma nthunzi ngati munthu wotula mtolo. Sindinadikire kuti madzi azizire, m'maloto mulibe kudikira. Ndinatseka madzi olowa, ndinalumikiza paipi, ndinatsegula kampope ka pansi. Osatuluka kanthu. Dontho limodzi, basi.

Apongozi anaseka chapansipansi. “Nanga ku koleji kuja sanakuphunzitseni?”

Ndiye ndinakumbukira mpope wa madzi otentha, woti mpweya ulowe. Ndinathamangira ku bafa, koma bafa linali holo ya mayeso ya ku koleji, anzanga onse ali pa madesiki akulemba, mpope uli kutsogolo pa tebulo la oyang'anira mayeso. Ndinadutsa pakati pawo ndi mwana m'chiuno, mkaka ukudontha pa bulauzi. Ndinautsegula. Unakoka mpweya mwaphokoso ngati mwana woyamwa bere louma, holo yonse n'kutembenuka.

Kenako madzi anayamba. Anatuluka matope enieni, ofiira ngati a m'dimba, ndipo m'matopemo munali masokosi onse a Tako amene akhala akusowa, timasupuni tanga, ndi chipeso chija ndinanamizira mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo kuti anaba. Anadutsa pageti, analowa mumsewu, anakhota okha kulunjika ku Ntcheu. Ndinati basi, akanena okha. Koma pang'onopang'ono anayamba kuyera. Anayera, anayera, mpaka kuoneka mbee, ofunda bwino. Ndinatunga m'beseni.

Apongozi anadzuka pa silinda paja. Anapinda mkono wa ovololo, anaviika chigongono m'madzimo monga timachitira poyesa madzi a mwana. Anandiyang'ana, nkhope yawo itafewa mwa mtundu umene sindinauonepo chikwatiwire. Anatsegula pakamwa kuti anene.

Ndinadzidzimuka. Kunja kutayera, nthiti zanga zonse zili zonyowa ndi madzi ofunda bwino, oyera mbee. Thewera la Tako linali litamasuka. Mwana wa miyezi yochepa, wakhetsa thanki yake yekha, osadikira munthu wa ku Salima. Kuseri kwa khoma giza inali gudugudu, ngati ikundiseka.

Ndikuuzeni zoona, m'mawa uno ndalowa m'kachipindamo. Ndanunkhiza kaye, inde, koma ndalowa, ndipo gasi ndatseka. Kotsekerako n'kofewadi. Pano ndikudikira madzi azizire, paipi ndayala kale mpaka pa kapinga, mpope wa ku bafa ndaumangirira kansalu kuti ndisauiwale. Kampope ka pansi sindinakagwirebe. Ndikayandikira, ndikungobwerera.

Ndiye tandimasulireni, inu odziwa maloto. Kubereka chinthu chosakhala mwana kumatanthauza chiyani? Nanga kuthokoza munthu amene akukumatira bomba? Ndipo apongozi ankafuna kunena chiyani? Za mimba musayambe n'komwe, munalibe nsomba m'madzimo, ndinayang'anitsitsa. Yankhani msanga, chifukwa giza yazima, ndipo Tako lero wasamba madzi a pa mbaula, ndendende momwe agogo ake ankafunira. Apambana asanakwere n'komwe minibasi.