Tsiku Limene Ankolo Chikopa Anandizimitsira Gemu

Ndikakumbukira Ankolo Chikopa, ndimamva fungo la fumbi lotentha la m'kompyuta yawo yakale, losakanikirana ndi la tiyi amene ankamuiwala pawindo. Ankakhala khomo loyandikana ndi lathu ku Walsall, m'dziko la Angerezi, ndipo amayi akakhala pa shifiti kuchipatala Loweruka, ankandisiya kwa iwowo. Ndinkapita ndi kamakina kanga ka magemu kolumikiza pa TV.

Koma Ankolo sankatha kuonerera ali chete. Ndikangoyamba gemu yanga ya ku Japan, yoyenda m'midzi ndi kumenyana ndi zilombo mosinthanasinthana, ankaima kumbuyo kwanga n'kuyamba phunziro. Ankati Ajapani sanaziyambe okha zimenezi. Anyamata a kumeneko ankasewera magemu a pa kompyuta a ku Amereka, kwina n'kutengako kayendedwe ka pa mapu, kwina kamenyedwe kosankha pa mndandanda, kenako n'kuzipeputsa kuti zikwane mabatani awiri, ndi mwana yemwe azitha.

"Iwe Thoko, ukudya zokutafunira kale," ankatero. "Ife mapu tinkajambula tokha papepala."

Ine ndinkangoyankha m'Chingerezi kuti ndamva, maso ali pa TV.

Loweruka lina ndinafika pa chilombo chomaliza, nditavutikira ulendowo miyezi itatu. Ankolo anasuzumira mndandanda wa nkhondoyo, nati ndi womwewo wa m'gemu yawo yakale, ndipo andionetsa pompo. Anagwada kuseli kwa kabati kufuna soketi ya kompyuta yawo, n'kuzula chingwe chimene chinalipo. TV inangoti bii. Ndinali ndisanaseve gemuyo kuyambira m'mawa, choncho zonse zimene ndinasewera tsikulo zinafufutika.

Ndinalira mpaka kutsamwa. Iwo anadikira kompyuta iyake bwinobwino, kenako n'kuloza timalemba tobiriwira pagalasi.

"Taona. Menya, thawa, mankhwala. Si zomwezo?"

Zinalidi zomwezo. Amayi atabwera n'kundiona maso ali psuu, anafunsa kuti, "Koma achimwene, mwanayu mwamutani?" Ankolo anati ndaphunzira mbiri, zomwe ana ambiri sazipeza.

Gemu ija sindinaiyambenso. Nditakula ndinawerenga ndekha, n'kupeza kuti zambiri zimene ankanena zinali zoona, ndipo zimenezo zinangondiwonjezera mkwiyo. Ankolo anabwerera kumudzi atapuma ntchito. Posachedwapa ndinawaimbira foni, ine mayi wa ana awiri, n'kuwakumbutsa nkhaniyi, ndikuganiza kuti ukalamba wawafewetsa. Iwo anangoti, "Nanga iwe sunaseve bwanji?"

Kupepesako ndikukudikirabe.