Mapiritsi a Amalume ndi Mpheta za M'dambo

Panali kabotolo kofiirira kamene amayi ankasomeka kudenga, pamwamba pa chitseko. Munali mapiritsi oyera a amalume, ndipo ntchito yanga inali kuwapatsa limodzi m'mawa uliwonse. Ndinali ndi zaka khumi. Chinali chaka chomwe anthu ankakonzekera kuvotera zipani zambiri koyamba, mpunga wathu m'dambo utayamba kuweramitsa ngala.

Amalume anali atangotuluka m'chipatala cha odwala maganizo. Asanapiteko ankamva mawu a anthu omwe ife sitinkawaona, n'kumawayankha. Pobwera, mawuwo anali atazirala, koma nawonso anali atazirala. Ankadzuka dzuwa litakwera, manja akunjenjemera, malovu akutsikira kuchibwano.

Mpheta sizidikira wodwala. Amayi ankakhala kumunda wa chinangwa, ine kusukulu, ndiye amalume ndiwo ankakwera pansanja pakati pa mpunga kukakoka chingwe cha zitini choingitsira mbalame. Ndikafika masana ndinkawapeza ali m'tulo, chingwe chili m'manja, mankhusu akuyandama pamadzi. Amayi sankakalipa. Ankangoti, "Tidzadya chiyani, achimwene?"

M'mawa wina amalume anandigwira dzanja. "Mphwanga, lero usandipatse. Mankhwalawa akudyetsa mpunga wa mayi ako kwa mbalame." Piritsilo ndinaliponya m'ngalande. Ndinatero tsiku lililonse, kuti amayi akayang'ana aone mapiritsi akuchepa m'kabotolo.

Patapita masabata angapo, amalume anayamba kudzuka tambala asanalire. Zitini zinkalira tsiku lonse, ndipo mpheta zinasamukira kwa anansi. Kenaka tsiku lina galimoto ya chipani inadutsa kumsewu, chimkuzamawu chikufuula. Amalume anatsika pansanja, nati akuitanidwa ndi dzina, n'kudula m'matope kulondola fumbi. Anthu anawapeza kutali, kwa Chiwalo, tsiku lachitatu, mapazi ali zilonda zokhazokha, ndipo anabwerera kuchipatala. Chaka chimenecho tinakolola mpunga wambiri kuposa onse a m'mudzi mwathu.

Nditakula, ndine ndinkawaperekeza kokatenga mankhwala. Dokotala wina anandiuza kuti mu ubongo muli timadzi tonyamula mauthenga, tina totchedwa serotonini, ndipo mwa odwala ngati amalume kagwiridwe kake ka ntchito kamatha kusintha zaka zikamapita. Anati matendawa amagona, koma mankhwala akalekezedwa amadzuka. Sindinamvetse zonse. Ndinkangoona kuti chaka ndi chaka amalume ankachepetsa kulankhula, mpaka kukhala tsiku lonse akuyang'ana phiri.

Za ngalande ija ndinauza munthu mmodzi yekha, malemu mkazi wanga. Mwana uja, ine wa zaka khumi, sindimuweruza, amalumenso sindiwaweruza. Iwo ankafuna kukhalanso munthu wothandiza pakhomo pa mlongo wawo. Zotsalazo ndinazisiya kwa Mulungu.

Koma ndimakumbukira tsiku loyamba lomwe amalume anaimba pansanja atasiya mankhwala, nyimbo ya Chilomwe, mawu akumveka dambo lonse. Ndinathamangira kumunda wa chinangwa. "Amayi, amalume achira, akuimba." Amayi anatsamira mpini wa khasu n'kutchera khutu nthawi yaitali, osamwetulira. Ine ndinkaganiza kuti atopa. Sindinkadziwa kuti nyimbo yomweyo anali ataimvapo kale, masiku ochepa amalume asanatengedwe kupita kuchipatala ulendo woyamba.