Dzino la Kagalu m'Kabokosi ka Machesi

Linali Loweruka, pa 9 Okutobala 1999. Ndinali pakhonde ndikupeta nandolo, koma maso anga sanali m'lichero. Anali panjira yochokera ku Nazombe, chifukwa tsiku limenelo malume ankabwera kudzatenga kagalu kanga.

Ndikuti kanga, ngakhale pakhomo panalibe amene ananenapo kuti nkanga. Tinakalandira mu Juni kwa mayi wina wogwira ntchito ku Boma, amene ankagula nkhuni kwa amayi. Atamusamutsa, anatisiyira kagalu kofiirira, ka phazi limodzi loyera, kali m'katoni ya sopo. Ndinakasenza ndine njira yonse mpaka kumudzi kwathu m'tsinde mwa phiri, kakulira pamutu panga. Bambo anakayang'ana n'kunena kuti, "Usafulumire kukapatsa dzina. Tione kaye khalidwe lake." Choncho miyezi inayi ndinkangokaitana poomba m'manja.

Nthawi imeneyo ndinali mu Sitandade 7. Aphunzitsi ankati mawu anga amathera mu kolala ya yunifomu. Zimene ndinkalephera kunena ndi pakamwa ndinkazilemba m'kope limodzi mwa makope aulere amene tinalandira kusukulu. Ndinkalemba tsiku lililonse ndikaweruka, zazing'ono zomwe: ndani wadwala, nkhuku iti yaswa, kagalu kachita chiyani.

Kunayambiriro kwa Seputembala kagalu kanayamba kutafuna zinthu. Kanayamba ndi mkombero wa lichero, kenako patapata wa bambo, kenako ngodya ya chitenje cha amayi. Izi anthu anangodandaula n'kuziiwala. Mlandu weniweni unadza ndi malegeni.

Bambo ankachita geni ya matemba. Ankapalasa njinga kupita kunyanja ya Chilwa, n'kubwera ndi dengu lodzaza, mawa lake n'kukagulitsa kumsika wa ku Boma. Dengulo ankalimanga pa kaliyala ndi malegeni, zingwe zamphira zodulidwa ku chubu chakale. Akabwera ankangowaponya pansi pafupi ndi njinga. Tsiku lina anamanga katundu osaona kuti legeni limodzi latafunidwa mpaka pakati. Linadukira pamtsetse, dengu n'kugubuduka, matemba onse mbwee m'fumbi. Amayi ena opita kuchigayo anawathandiza kutola, koma kumsika aliyense wolawa ankalavula mchenga.

Anafika madzulo dzuwa likadalipo, nakhala pampando osavula chipewa.

"Alamu aja amafuna galu wothamangitsa anyani kumunda," anauza amayi, ine ndikumva. "Ndawatumira mawu. Abwera Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa."

Kumunda kwa malume ndinkakudziwa. Galu kumeneko ankakhala womangidwa ndi waya pamtengo, yekhayekha, ndipo amene analipo kale anang'ambidwa mimba ndi nyani. Ndinangolowa m'nyumba n'kulemba kuti: atsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Amayi anandimvera chisoni, ndipo anayesa njira imene aliyense m'mudzi ankaidziwa. Anasinja tsabola wa kambuzi n'kupaka malegeni onse, koma anaiwala kuwauza bambo. M'mawa bambo anamanga dengu lawo bwinobwino, nakoka legeni lililonse ndi manja onse awiri, kenako n'kupukuta thukuta kumaso.

"Mayo ine! Madzi! Mayi ake mwana, mwaika chiyani apa?"

"Ndimakonzera galu, bambo ake mwana!"

"Ndiye galu wake ndine?"

Anaviika nkhope m'beseni akulalata m'Chilomwe, chimene ankayankhula akapsa mtima kwenikweni. Mng'ono wanga wamng'ono anaseka mpaka kugwa pansi, amayi akubisa nkhope m'chitenje. Kagalu nako kananyambita tsabolayo, kanayetsemula kawiri, ndipo m'mawa womwewo kanapeza nsonga imene sinapakidwe n'kuitafuna.

Inenso ndinalakwitsa. Ndinakapatsa patapata wakale wa bambo uja kuti kazitafuna ameneyo. Kanasangalala, ndipo mawa lake kanatenga watsopano. Kakanadziwa bwanji kusiyana kwake? Ndinali nditakaphunzitsa ndekha kuti patapata ndi chakudya. Tsiku limenelo ndinalira kuseri kwa nkhokwe, kagalu kakundinyambita chigongono.

Lamlungu titabwera kutchalitchi ndinatenga kope langa n'kuwerenga kuchokera kumayambiriro kwa Seputembala. Sindinkafuna kanthu, ndinkangofuna kukumbukira masiku amene kanali kasanapalamule. Koma powerenga ndinayamba kuona chinthu. Lichero limene kanatafuna ndi limene amayi ankasankhira matemba. Chitenje ndi chimene tinkavundikira dengu. Patapata ndi amene bambo ankavala kunyanja. Nsapato zanga zapulasitiki zinkagona pakhonde tsiku lililonse, sikanazikhudzepo. Mipini ya makasu, mphasa, chingwe cha mbuzi, zonse zinali bwinobwino. Ndiponso tsamba lililonse linkanena chimodzimodzi: tazipeza masana. Kankawononga m'mawa, ine ndili kusukulu, amayi ali kumunda, pakhomo palibe munthu.

Ndinapita kukatola legeni loduka lija, limene bambo analitaya kudzala, kuti ndilinunkhize. Linkanunkhadi matemba. Ndipo mu mphiramo munali mutatsakamira kanthu koyera, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kanali kadzino. Ndinaitana kagalu n'kukatsegula kukamwa mosamala. Nkhama zinali zofiira, zotupa, ndipo pamene panachoka kadzinoko panali patayamba kutuluka lina. Ndinakumbukira mng'ono wanga akumera mano, mmene ankalumira supuni, mkanda wa amayi, ngakhale chala changa. Palibe amene anamutumiza kwa anyani. Dzinolo ndinaliika m'kabokosi ka machesi.

Tsopano ndinkadziwa chofunika: chinthu cholimba, chonunkhira kuposa malegeni, chosafanana ndi katundu aliyense wa pakhomo. Ndinaganiza za chikopa cha ng'ombe. Vuto linali loti chikopa chinali kwa ogulitsa nyama ku Boma, ndipo kunkafunika kupempha.

Lachiwiri amayi anandituma mchere. Ndinaima pafupi ndi benchi ya nyama nthawi yaitali, ntchentche zikunditera, mawu ndikuwabwereza mumtima. Bambo wogulitsayo, wonenepa, wa epuloni yamagazi, anandiona.

"Iwe mtsikana, ukugula kapena ukuwerengera ntchentche?"

"Ndimapempha kachikopa," ndinatero.

"Chiyani? Kweza mawu, ine makutu anatha ndi chikwanje."

"Kachikopa ka ng'ombe. Kakang'ono."

"Ukufuna kukunga ng'oma? Mwamva anzanga, atsikana a masiku ano ayamba kukunga okha ng'oma!"

Anthu anaseka, ine nkhope inatentha. Koma ndinafotokoza, maso ali pansi, za kagalu ndi mano ake. Anasiya kuseka, nadula chidutswa chachikulu ngati chikhatho chake, nachikulunga m'pepala. "Upale ubweya, uyanike padzuwa mpaka chiume gwa. Chachiwisi chimutsegula m'mimba."

Ndinachipala ndi mpeni, ndinachidula patatu, ndinachiyanika padenga la khitchini masiku atatu. Chitauma ndinachipaka zinyenyeswa za matemba zotsalira pansi pa dengu. Kagalu kanachilandira ngati kalandira ng'ombe yathunthu. Kanagona pansi pa mpapaya, kakuchigwira ndi miyendo yakutsogolo, ndipo sikanadzuke mpaka dzuwa kupendeka.

Kenako ndinakhoma msomali ndi mwala pamtanda wa khonde, pamwamba pamene ndinafika nditakwera pamtondo. Bambo akangofika n'kutaya malegeni pansi, ndinkadikira alowe m'nyumba, n'kuwatola, n'kuwapachika. Patapata ndinkaika pawindo, lichero ndi chitenje pamwamba pa thandala. M'mawa uliwonse ndinkadzuka msanga kupita nako kumjigo, kakuthamanga patsogolo ndi kubwerera, kuti pofika nthawi ya sukulu kakhale katatopa. Ndikamachoka ndinkakasiyira chikopa chake.

Masana ndinkakaphunzitsa kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe wondimva. Ndinkaika legeni loduka lija pansi. Kakangoligwira ndinkati, "Siya," n'kukaonetsa chikopa. Kakasiya ndinkakasisita kukhosi ndi kukapatsa mutu wa temba. Masiku oyamba kankathawa nalo legenilo kakuyesa masewera. Sindinkakathamangitsa, ndipo sindinakamenyepo. Ndinkangokhala pansi ndi chikopa m'manja mpaka kabwere kokha. Pofika Lachinayi la sabata yomaliza kankasiya ndikangonena kamodzi. M'kope ndinalemba kuti: masiku asanu, palibe chotafunidwa. Bambo ankatenga malegeni pamsomali m'mawa uliwonse osafunsa amene wawapachika, ndipo za malume sanasinthe mawu.

Ndiye Loweruka lija, nandolo ali m'lichero, ndinamva belu la njinga. Malume anatsika, chingwe chakhonje chili chokulunga pa handulo. Tinapatsana moni, ndinagwada n'kuwapatsa madzi. Kagalu kanabwera kudzanunkhiza matayala awo.

"Msilikali wanga ndi ameneyu?" anatero malume. "Alamu, kameneka anyani akakaona akayesa ndiwo."

"Kakula komweko," anayankha bambo. "Kuno katimaliza."

Malume anayamba kumasula chingwe. Ine ndinapita kukagwada patsogolo pa bambo, n'kuika kabokosi ka machesi pa bondo lawo.

"N'chiyani ichi?"

"Tsegulani, bambo."

Anatsegula, nayang'anitsitsa. Malume anasuzumira.

"Ndi dzino lake," ndinatero. "Linali mu legeni lija. Kakumera mano ngati mwana, nkhama zikukanyerenyetsa. Kamangotafuna zonunkha matemba, zina ayi. Ndinalemba zonse. Tsopano kali ndi chikopa chake, ndipo kamamva ndikakaletsa."

Sindinayambe ndanenapo mawu ambiri chonchi kwa bambo nthawi imodzi. Amayi anaima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja.

"Kamamva?" anafunsa bambo.

"Kamamva."

Anaimirira, natenga pamsomali legeni limene anamangira dengu dzulo lake, lonunkha matemba kuchokera patali, naliponya pakati pa bwalo. "Tione."

Kagalu kanathamangira, kanalinunkhiza, ndipo mtima wanga unagwa pamene kanalinyamula kukamwa n'kugona nalo pansi. Malume anayamba kuseka. Kuseri kwa nyumba ndinkanena monong'ona, ndipo kankandimva chifukwa tinkakhala awiriwiri. Apa panali kuseka, njinga yachilendo, nkhuku.

"Siya!"

Mawuwo anatuluka aakulu mwakuti nkhuku zinabalalika, ndipo ine ndemwe ndinadzidzimuka. Kagalu kanatsegula kukamwa, legeni linagwa. Kanandiyang'ana makutu ali chilili. Ndinaloza pansi pa mpapaya. Kanapita pang'onopang'ono, kanatembenuka kamodzi kuyang'ana legenilo, kenako kanatola chikopa chake n'kugona nacho.

Bambo anatola legeni, nalikoka uku ndi uku kufunafuna bala. Linalibe.

"Aa!" anatero malume. "Zaka zonsezi ndimayesa mwana wa mlongo wangayu alibe mawu. Alamu, galuyo musungeni. Mundibwereke mtsikanayu, akangokuwa kamodzi anyani onse athawira ku Mozambiki."

Amayi anaseka mpaka kutsamira chitseko. Bambo anayesa kuumitsa nkhope koma analephera.

"Chingwe chanucho mukamangire mbuzi, alamu," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Koma msomali uja ndi ntchito yako. Tsiku limene ndidzapeze legeni loduka, sindidzafunsa galu, ndidzafunsa iwe. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Anandibwezera kabokosi. "Ndiye dzino umasunga m'thumba? Lako litaguluka tinatani? Ukufuna galu wako akhale wamagweru?" Anakhala pansi, navula chipewa n'kuchiika pabondo. "Um'patse dzina tsono. Tatopa ndi kuomba m'manja kwakoko, anthu amayesa pano pali tchalitchi."

Anati galu wako. Ndinabwerera ku lichero langa n'kupitiriza kupeta, chifukwa sindinkadziwa poika nkhope. Nandolo wina anatayika pansi, amayi anaona n'kubwerera m'khitchini. Malume anadya nafe, ndipo pochoka anakaweramira kagalu n'kukauza kuti kali ndi loya wabwino.

Dzuwa lisanalowe ndinakhala pamtondo, kope lili pamiyendo, kagalu katatsamiritsa mutu paphazi langa. Ndinalemba zonse monga zinachitikira, ngakhale za nkhuku. Dzina ndinali nalo kale, ndinalisankha tsiku lomwe ndinasenza katoni ija, koma ndinali ndisanalitchulepo ngakhale m'kope, poopa kuti kadzapita nalo. Pansi pa tsamba ndinalemba kuti: mawa, tisanapite kutchalitchi, ndiponya dzino padenga monga anachitira ndi langa, kenako ndiima pakati pa bwalo, onse akumva, ndikaitane ndi dzina lake mokweza.