Nyemba yakufa ikukula pa girafu

Pepani anzanga, ndikudziwa aliyense ali ndi zake zomudya mtima, koma ndiloleni ndikuvuteniko pang'ono. Sukulu ndinalekera ku pulaimale, ndiye pomwe ndaphonya mundikhululukire.

Ndili ndi zaka 51, akazi anga anamwalira zaka zisanu zapitazo. Ndimagwira ntchito pamalo ena ofufuza zaulimi. Tili ndi zidebe 120 za nyemba m'nyumba ya pulasitiki, theka zothira fetereza watsopano amene akumuyesa, theka zopanda. M'mawa uliwonse ndimayeza kutalika kwa chomera chilichonse ndi rula. Ndimayeza kawiri, kuopa kulakwitsa.

Bwana wathu, Apulofesa, anati manambala tizilowetsa pa tsamba la pa intaneti limene gulu lonse limaona, ngakhale anzathu akunja. Ukangolemba nambala pafoni, mzere wa pa girafu umasuntha pompo. Wofiira ndi wa fetereza, wobiriwira ndi wopanda.

Anatumidwa kudzandiphunzitsa ndi mayi wina amene anabwerera kusukulu atakula, akuchita digiri yachiwiri pa nyemba zomwezo. Tonse timawatcha Amagirafu, iwonso amanditcha Achirula.

Anandipeza ndikujogoda foni ndi chala chimodzi.

"Achirula, chomwecho mpaka dzuwa lilowe?"

"Chala chimodzi sichilakwitsa, mayi."

"Komanso sichiswa nsabwe. Sunthani, ndikhale nawo."

Anzanga, mtima unagunda ngati wa mnyamata!

Pa tsamba lija, mnzako akalowa pamaoneka kabwalo kakang'ono pamwamba. Kawo kanali kachikasu. Ndinayamba kumakadikira. Kenako anayamba kundisiyira timawu m'mbali mwa manambala: "Chidebe 47 chakula lero, mukuchiimbira nyimbo?" Timawu tija tinabala tiyi wa m'fulasiki, tiyi anabala kuperekezana ku siteji ya basi.

Achemwali anga, amene ndimakhala nawo, anaona msanga.

"Achimwene, malaya okagwirira dothi mwayamba kusita? Ndani ameneyo?"

"Ndi zantchito."

"Ntchitoyo ili ndi mwamuna kapena ilibe?"

Inalibe. Tinafika pokambirana zokaonekera kwa abale.

Ndiye kunabwera opaleshoni yanga ya ng'ala, masabata awiri osagwira foni. Pa tsamba lija, wololedwa kulemba m'danga la miyeso ndi ine ndekha. Amagirafu amangoona ndi kujambula mizere. Apulofesa anachita zimenezi dala.

"Ndipatseni password, ndizikuyezerani," anatero Amagirafu. "Tikavutitsenso Apulofesa pa kanthu kakang'ono?"

Ndinazengereza... koma ndinapereka.

Lolemba lapitali ndinabwerera, ndikupeza meeting. Girafu ili pakhoma, anzathu akunja ali pa vidiyo. Mzere wofiira unali utakwera ngati ukuthawa moto, aliyense akumwetulira. Mmodzi wa akunjawo anapempha kuti akulitse timadontho, tione chidebe chimodzichimodzi.

Chidebe 47, masentimita 41.

"Koma 47 inafa."

Ndinalankhula ndine, mokweza, ndisanaganize. Nyemba imeneyo inafota kutatsala sabata kuti ndipite kuchipatala. Ndinaizula ndi manja angawa, ndikulemba ziro.



Apulofesa anatsegula pamene amati history, pomwe tsamba limasunga chilichonse chimene chasinthidwa, tsiku lake ndi wosinthayo. Manambala 63 anasinthidwa, onse a zidebe za fetereza, onse kukwezedwa. Ena ndi miyeso ya miyezi iwiri yapitayo, koma onse anasinthidwa m'masabata awiri a opaleshoni yanga. Pambali pa nambala iliyonse pali dzina langa.

Ndinayang'ana Amagirafu. Iwo ankayang'ana cholembera chawo.

"Bambo," anatero Apulofesa, "zaka naini sindinakupezenipo ndi nambala yabodza. Lachisanu 9 koloko mudzandifotokozere. Mpaka tsikulo, tsamba ndakutsekerani."

Titatuluka, Amagirafu ananditsatira mpaka pakati pa zidebe.

"Achirula, imani kaye."

"Mwachitiranji?"

"Mizere iwiri ija imayenda limodzi, fetereza sakusintha kalikonse. Zaka zitatu zanga, ndikalembe kuti palibe chomwe ndapeza? Ndinangokweza pang'ono..."

"Mpaka kudzutsa yakufa?"

"Sindinadziwe kuti inafa, sindinkayeza zidebe zonse, ndiye nditaona ziro ndimayesa munaiwala kulemba." Anandigwira mkono. "Tamverani. Mukangonena kuti munasokonezeka ndi foni. Diso linali likuvuta, komanso inu ndi wa pulaimale, aliyense amvetsa. Akakudzudzulani basi. Koma ine akadziwa andichotsa, sindidzalandiridwanso kulikonse."

Wa pulaimale.

Anzanga, mawu amenewo ndawamva kwa anthu ambiri, koma sanandilasepo ngati tsiku limenelo. Miyezi yonseyi ankandiuza kuti manambala anga ndi oyera kuposa a anthu amadigiri. Lero umbuli wanga wasanduka bulangete loti afunde.

Chimene sakudziwa ndi ichi: sindinasiye kulemba m'kope. Nambala iliyonse ndimayamba ndailemba ndi pensulo, kenako pafoni. Makope anayi ali m'chikwama changa, ndi kalata yakuchipatala yosonyeza kuti masiku amene manambala ankasinthidwa ine ndinali chigonere, diso lomata.

Achemwali akuti, "Kaperekeni makopewo! Chikondi chake chiti, chokukwera pamsana powoloka mtsinje?"

Koma ndikapereka, mayi uja watha, ndipo ali ndi ana awiri amene anayamba kale kunditcha ankolo. Nanenso ndikaulula kuti ndinapereka password, chinthu choletsedwa. Ndikakhala chete, ndavomera kuti ndine wosokoneza manambala, ndipo palibe adzakhulupirirenso rula yanga. Fetereza wosagwira ntchitoyo akhozanso kufika kwa alimi ndi dzina langa pansi.

Dzulo Amagirafu ananditumizira uthenga: "Ngati munandikondadi, mudziwa chochita."

Ndinawakondadi. Vuto ndi lomwelo.

Chonde anzanga, makamaka inu amene munapitako patali ndi sukulu, ndiuzeni: ndipite ndi makope kapena ndipite chimanjamanja? Mundiyankhe lisanathe Lachinayi, chifukwa Lachisanu m'mawa ndikhala nditaima pakhomo la Apulofesa.