Nyumba Imene Ndinamangira Amayi pa Chitunda

Amayi ndinakawatenga ku Nsanje chaka chimene madzi anagwetsa nyumba yawo kachiwiri. Ine ndinali nditakhazikika kale ku Chisenga, ndikuphunzitsa pa pulayimale, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ukalamba wawo audyera pafupi ndi ine. Ulendo wake si wamasewera, kuchoka kumunsi kwenikweni kwa dziko mpaka kumtunda kwake. Anafika miyendo itatupa, atanyamula kathumba ka zovala ndi khasu lopanda mpini.

Nyumba imene ndinkachita lendi inali m'chigwa, pafupi ndi kamtsinje kotsika m'mapiri a Mafinga. Kamtsinje kake ngakhale mwana amalumpha. Koma amayi atangokaona anandiyang'ana ngati ndawapereka kwa adani. Mvula ikayamba ankazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, monga timachitira kwathu pofuna kuona ngati akukwera. Ankapita kukakayang'ana, kubwera, kukhala pansi, kunyamukanso. Chakudya chinkazizirira m'mbale. Ine mtima unkandipsa, sindibisa.

"Amayi, uyu si Shire," ndinkatero.

"Madzi ndi madzi, iwe. Undimangire pamwamba, apo ayi undibweze kwathu."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha malo pa chitunda choyang'anana ndi mapiri, ndipo anandipatsa mosavuta, moti ndinadabwa. Bambo wina woyandikana nafe, mlimi wa nyemba, anandiimitsa panjira atatsamira njinga yake, n'kundiitana monga amaitanira aphunzitsi kuno.

"Asambizgi, pachanya apo anthu sitimangapo. Mphepo ya kuno njiheni chomene."

Ankatanthauza kuti pamwambapo mphepo ndi yoipa kwambiri, ndipo anandilozera nyumba za m'mudzimo. Zonse zinabisala kuseri kwa nthochi ndi nsungwi, madenga ake aafupi ngati zipewa zothina. Nditawafotokozera amayi anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphepo inamizapo ndani?"

Ndinaima pakati, uku mawu a mwini dera, uku mayi wondibala amene anali kuwonda ndikuona. Ndinasankha kuti amayi azigona tulo. Tinaumba njerwa, kuotcha, kuyamba kumanga. Amayi ankakhala pa mpando tsiku lonse kulondera maziko, kukangana ndi mmisiri kuti akweze, akwezebe, ngati Shire atilondola mpaka ku Chitipa. Anafunanso khonde lalikulu lotambalala, chifukwa kwathu nyumba yopanda mthunzi ndi ng'anjo. Mmisiri anapukusa mutu, koma anakhoma. Za denga palibe mwa ife amene anazilabadira, tonse maso anali pansi.

Miyezi yoyamba ndinkayenda monyada. Amayi ananenepa. Anapezera khasu lawo mpini n'kuyamba kulimbana ndi nthaka yofiira ya pachitundapo, akuinyoza kuti ndi youma mtima. Madzi akumwa ndinkachita kukwera nawo pamutu, msana kuwawa, koma sindinkadandaula.

Mphepo inabwera masana ena kumayambiriro kwa dzinja, ndili m'kalasi. Kumapiri kunada, fumbi linalowa pa mawindo, ana n'kuyamba kukuwa. Nditasuzumira kuchitunda ndinaona chinthu chowala chikutembenuzika m'mwamba. Ndinathamanga, nsapato kuzisiya m'matope. Denga lonse, malata ndi mapaso omwe, linali litagona m'munda wa eni ake kutsidya kwa njira. Mphepo inalowera pa khonde lija n'kulinyamula ngati chivundikiro cha poto. Amayi ndinawapeza pa ngodya ya chipinda chawo, atavindikira beseni kumutu, mvula ikuwakhuthukira. Sanavulale. Koma ndinawaitana kangapo asanandiyankhe.

Anthu a ku Chisenga ndidzawayamika mpaka kufa. Palibe anati tinanena. Anangofika, "Phepani, mama, phepani," n'kuyamba kutola malata. Bambo wa nyemba uja ndi anzake anathandiza mmisiri kukhoma denga lina lotsetsereka mbali zonse zinayi, kuti mphepo isapeze pogwira. Mapaso anawamanga ndi waya wolowa m'khoma. Khonde analidula, lotsalalo analipatsa kadenga kakekake, kuti likadzauluka lidzapite lokha. Azimayi a m'mudzi anabweretsa ana a nthochi ndi zitsa za nsungwi, tinabzala kuzungulira.

Ulendo uno amayi sanalondere ntchito. Ankangokhala pansi, manja pamiyendo. Lata likangoti phwa ndi dzuwa, maso m'mwamba. Kamphepo kakagwedeza chitseko, ankatuluka kukaima pabwalo. Ndinkawanyengerera, kuwaonetsa waya, kuwauza kuti agwedeze okha mapaso amve kulimba kwake. Ankangoti, "Ndaona."

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza akupinda zovala.

"Ndikupita kwathu."

Ndinakalipa. Ndinawakumbutsa nyumba ziwiri zimene madzi anadya, ndinalira, ndinanena mawu ena osayenera kuuza kholo. Anandisiya mpaka nditatopa.

"Mwananga, madzi amabwera ukuwaona. Umamasula mbuzi, umanyamula ufa, umakwera kumtunda. Akaphwera amakusiyira dothi lonona, umabzala mbatata ndi chimanga, m'mathamanda umagwira milamba. Ndinakulera ndi zimenezo. Chinthu chanu chakunochi sindikuchidziwa, ndipo ndakalamba, sindingayambe kuphunzira mantha atsopano."

Ndinawaperekeza mpaka ku boma, ndinawakweza basi.

Nsungwi zija pano zapitirira denga. Mphepo imabwera chaka ndi chaka, imalira m'masamba n'kudutsa, ndipo anthu ena ayamba kubwera kudzaonera makhomedwe a dengalo. Ine ndiye ndinasanduka wosakhazikika. Wailesi ikangotchula mvula ya kummwera ndimazungulira nyumba, foni m'manja, kufunafuna pamene imagwira bwino.

Dzinja lapitali madzi analowanso m'mudzi mwathu ku Nsanje. Ndinaimba tsiku lonse osawapeza. Madzulo anayankha pa foni ya munthu wina, ali pa sukulu imene anthu anathawirako, kumbuyo kukumveka ana akulira. Ndinawapempha kuti abwerere, chipinda chawo chili chomwecho.

"Denga lilipo?" anafunsa.

"Lilipo, amayi. Silinasunthepo."

"Ndiye ndasangalala. Mmodzi mwa ife ali pouma."

Mwini foni anaifuna, ndipo anadula ndisanayankhe.