Phiko Lakumanzere

Ku Nairobi ndinabwera pambuyo pa mkazi wanga, ndipo sindibisa. Iye ndiye anapeza ntchito ku bungwe lina lalikulu, ine ndinanyamula bokosi la zipangizo: sowo, tchizulo, nyundo. Ndine kalipentala, sukulu ndinalekera Fomu 4. Kutchalitchi ku Lavington, kumene Amalawife timakumana, anthu a matayi ankandifunsa kuti, "Nanga achimwene, inu muli kuti?" Ankatanthauza ofesi. Ndinkayankha kuti ndili pano, simukundiona?

Chaka chathunthu ndinakhala m'nyumba ku Donholm, kumangoyang'ana magalimoto pazenera. Kenako ndinamva za mkulu wina wa konkuno, woyendetsa ndege wopuma pantchito, amene ankafuna fundi, ndiye kuti mmisiri, wa matabwa. Aliyense ankangowatchula kuti mzee, ndiye kuti mdala pa Chiswahili. Anali ndi shedi yamalata kuseri kwa South C, ndipo m'menemo ankamanga ndege. Osati za masiku anozi. Ankatsanzira imodzi mwa ndege zoyambirira zenizeni: thupi la timitengo, mapiko okuta ndi nsalu, mawaya paliponse, matayala ngati a njinga yakapalasa. Woyendetsa amakhala pamtetete, mphepo ikumumenya kumaso. Mzee ankafuna kuti iuluke ndithu, iwo ali momwemo.

Ntchito ndinaikonda. Nthiti za phiko ndinkazisema zopyapyala ngati chala, kuzimata ndi guluu, kenako kusokerera nsalu ndi chingwe, mfundo iliyonse payokha.

Sabata ina mzee anapita kumudzi kumaliro. Nditatsala ndekha ndinagwira nsonga ya phiko lakumanzere n'kuikankha pang'ono. Phiko lonse linapotoka ngati chitseko cha udzu. Mtima unandipsa. Amene anandiphunzitsa ukalipentala ankakhalira mpando uliwonse umene ndapanga n'kudzigwedeza, ukangoti kwee, ankauphwanya pamaso panga. Chinthu chogwedera sichinatulukepo m'manja mwanga. Ndinati anthu akalewo analibe nzeru zokwanira, ndiwathandize. Ndinasomola nsalu, n'kulowetsa timitanda topingasa m'kati monse, guluu wambiri, n'kusokanso. Phiko linauma gwa. Lakumanja ndinati ndiyamba mzee akaona kukoma kwake.

Atabwera anakwera pampando wa ndegeyo n'kukankhira ndodo yowongolera kumbali. Phiko lakumanja linapotoka. Lakumanzere linangoti njo.

"Fundi, wachita chiyani?"

"Ndalimbitsa. Limagwedera."

Anatsika pang'onopang'ono. "Ndege za lero zili ndi titseko tating'ono kumbuyo kwa mapiko, ndi timene timakhotetsa. Iyi ilibe. Ndikakankha ndodo, mawaya amakoka, phiko lonse limapotoka, monga amachitira mphamba akamazungulira anapiye. Kugwedera kuja ndiye chiwongolero changa. Ndikananyamuka chonchi, mukanakanditola ndi fosholo."

"Munandiuza liti zimenezo?"

"Iwe unafunsa liti?"

Ndinakweza mawu. Ndinawauza kuti munthu wanzeru sakwera kaiti. Iwo anati nditenge bokosi langa ndizipita, apeza fundi wodziwa kufunsa.

Mu matatu, minibasi za kuno, ndinkangoona zenera la ku Donholm lija likundidikira. Mkazi wanga atamva anati, "Bambo, mawa mukapepese. Mwalakwa ndinu."

"Kupepesa kumasungunula guluu?"

"Ayi, koma kumatsegula geti."

M'mawa ndinakwera matatu omwewo, bokosi pamiyendo. Mzee ndinawapeza pakhomo la shedi ndi kapu ya tiyi.

"Ndinakuchotsa ntchito dzulo."

"Munachotsa wantchito wanu. Ine ndabwera kudzachotsa zanga zimene ndinasiya m'phiko lanu. Palibe munthu wina agwire pamene ndinamata ine. Sadziwa pamene pali guluu, athyola nthiti zonse."

"Ndikaitana alonda?"

"Aitaneni. Abwere ndi ketulo, ndikufuna madzi otentha."

Anasuntha phazi pakhomopo.

Masiku asanu ndi anayi ndinagwada pa simenti pansi pa phiko limenelo. Kunyowetsa guluu, kudikira, kulowetsa tchizulo pang'ono, kudikiranso. Ine wosadziwa kudikirane. Nthiti ziwiri zinang'aluka, ndinasema zina. Mzee ankakhala pampando wapulasitiki kuwerenga nyuzipepala, osandiyankhula, ngakhale moni. Tiyi wokha ankasiya pa benchi, ngati aiwala.

Nditasoka nsalu anakwera n'kukankha ndodo. "Bado," anatero. Ndiye kuti sizinatheke.

Nyundo ndinaiponya kukhoma la malata, phokoso lake agalu a ku South C onse anauwa. Mzee sanatukule ngakhale mutu. Nditapuma ndinakaitola ndekha, n'kusomolanso nsalu kachitatu. Guluu wina anali atayenderera n'kuumira pamene nthiti zimakumana ndi mtanda wakumbuyo, pamalo poyenera kusewera. Ndinapala mfundo imodziimodzi ndi kachidutswa ka galasi. Ndinkati ndikapala, ndikankha nsonga ya phiko, ndimvetsere m'dzanja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinkakondwa chinthu chikamagwedera.

Ulendo uno atakankha ndodo, mapiko onse awiri anapotoka, lina kutsika, lina kukwera. Anakankha kanayi, kasanu.

Ndegeyo inauluka patapita miyezi, pabwalo laudzu kunja kwa mzinda, m'mamawa mphepo isanadzuke. Sinakwere kwambiri, inangopitirira mitengo ya minga. Kamphepo kena kanaipendeketsa kumanzere. Ndinaona ndi maso anga phiko langa likupotoka, ndege n'kuwongoka. Inatera ikudumphadumpha ngati mbuzi.

Mzee anatsika nkhope ili noninoni ndi mafuta a injini. Anandidutsa, n'kuima, n'kunena osacheuka kuti chimchira chikufunika nthiti zatsopano, Lolemba ndisachedwe.

Mpaka lero sindinapepese, ndipo amene akufuna kuti ndipepese abwere adzagwade masiku asanu ndi anayi pa simenti ija. Mzee nawonso sanandiuzepo kuti andilembanso ntchito. Ndimangopita.